Kugula masitirimu kapena kufunafuna omvera enieni: njira zisanu zomwe woyimba wa ku Salima angasankhepo

Woyimba wodziyimira payekha, amene alibe kampani yomulipirira situdiyo kapena yomufalitsira nyimbo, akangoika nyimbo yake pa intaneti satenga nthawi asanalandire mauthenga a anthu olonjeza kuti amukwezera manambala. Ena amalemba pa Facebook, ena pa Instagram kapena pa WhatsApp, koma nkhani yawo ndi imodzi: tumizani ndalama zakuti, ndipo sabata isanathe nyimbo yanu ikhala itamvedwa kambirimbiri pa Spotify, pa Audiomack, pa Boomplay kapena pa YouTube. Kwa mnyamata kapena mtsikana amene ndalama zojambulira nyimbo wazipeza poyendetsa kabaza pa Kamuzu Road, pogulitsa usipa wa ku Senga Bay kapena podula pa malipiro a mwezi, funso loti zotsalazo aziike pati ndi lalikulu, chifukwa nthawi zambiri mwayi woyesa kachiwiri sukhalapo.

Chimene chimakopa oyimba sichovuta kuchimvetsa, ndipo sindikuwaona ngati anthu opusa. Pa Spotify, nyimbo imene sinamvedwe kokwana 1,000 imaonetsa chizindikiro chosonyeza kuti sinafike pamenepo, ndipo woyimba amachita nacho manyazi akamatumiza ulalo wake kwa wokonza phwando kapena kwa mwini kampani amene akumupempha thandizo. Anthu ena oitana oyimba amayang'anadi manambala asanamve n'komwe nyimboyo. Choncho mayeserowa ali ndi maziko ake. Chimene tiyenera kuona ndi chakuti kodi kugula masitirimu, ndiko kuti kulipira kuti chiwerengero cha maulendo omwe nyimbo yamvedwa pa intaneti chikwere, kumathetsadi vutoli, nanga njira zina zomwe zilipo zikusiyana nako bwanji.

Miyeso yoyezera njirazi

Njira iliyonse ndiyiyeza pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, ndipo pano sitingoyang'ana kuchuluka kwa ndalama kokha koma mtundu wakenso, chifukwa chinthu cholipira m'madola n'chosiyana kwambiri ndi cholipira m'makwacha, makamaka chichitikireni kutsitsidwa kwa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso pomwe ndalama zakunja zikuvuta kupeza m'mabanki. Chachiwiri ndi kupezeka kwake, kutanthauza ngati munthu wokhala ku Chipoka, ku Lifuwu kapena ku Khombedza, amene ali ndi foni wamba ndi akaunti ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, angathe kuigwiritsa ntchito. Chachitatu ndi kasamalidwe kake, ndiko kuti ntchito ndi ndalama zomwe zimafunikabe mukalipira koyamba. Chachinayi ndi zoopsa zake. Pansi pa miyeso yonseyi pali funso limodzi limene ndizibwererako: ndalama zikatha, kodi patsala munthu wamoyo amene akuidziwa nyimboyo, amene angaiyimbe pochapa kunyanja kapena kulipira pakhomo kuti akuoneni?

Mpofunikanso kudziwa kaye mmene ndalama za masitirimu zimayendera, chifukwa ogulitsa manambala amadalira kusadziwa kwathu. Spotify inayamba kupezeka m'Malawi mu 2021. Imawerenga kuti nyimbo yamvedwa ngati yaseweredwa kwa masekondi osachepera 30, koma ilibe mtengo wokhazikika wa sitirimu imodzi. Imasonkhanitsa ndalama zomwe yapeza m'dziko lililonse kuchokera kwa olipira pamwezi ndi kwa otsatsa malonda, n'kugawa pafupifupi magawo awiri mwa atatu kwa eni nyimbo molingana ndi gawo la aliyense pa masitirimu onse a m'dzikolo. Ambiri owerengera amapeza kuti sitirimu imodzi siposa theka la senti ya ku America, ndipo imatsika kwambiri ngati womverayo ali m'dziko lomwe mtengo wa pamwezi ndi wotsika kapena akumvera mwaulere. Kuyambira mu 2024, nyimbo iyeneranso kumvedwa kosachepera 1,000 m'miyezi 12 yapitayo, ndiponso ndi anthu osiyanasiyana okwanira, isanayambe kubweretsa ndalama iliyonse.

Njira yoyamba: kugula masitirimu mwachindunji

Mtengo. Poyamba umaoneka wotsika, ndipo apa ndi pamene pali nyambo. Wogulitsa amatchula ndalama yochepa pa masitirimu 1,000 aliwonse, n'kutsitsanso mukagula ambiri. Koma tangoona kuti masitirimu 1,000 enieni, ngakhale ochokera kumayiko olemera, amabweretsa madola ochepa osaposa asanu. Masitirimu ogula akadziwika salipiridwa n'komwe. Choncho amene akuganiza kuti abweza ndalama zake kudzera mu malipiro a nyimbo akuwerengera molakwika kuyambira pachiyambi.

Kupezeka. Palibe njira yosavuta kupeza kuposa iyi, chifukwa ndi yokhayo imene imakutsatirani yokha. Alipo amkhalapakati amene amalandira ndalama pa foni m'makwacha, iwo n'kukagula kwa anzawo akunja, ndipo palibe risiti, mgwirizano wolembedwa kapena ofesi yomwe mungakadandauleko zinthu zikavuta.

Kasamalidwe. Apa ndi pamene oyimba ambiri amadzidzimuka. Chiwerengero cha omvera a pamwezi chomwe chimaoneka pa tsamba la woyimba pa Spotify chimawerengedwa pa masiku 28 apitawo. Mukagula lero, chimakwera; masiku 28 akadutsa, chimagwa n'kubwerera pomwe chinali, ndipo kuti chisagwe muyenera kugulanso mwezi ndi mwezi. Nyimbo yotsatira nayonso imafuna kugulidwira, popeza ingaoneke yachilendo nyimbo imodzi kukhala ndi manambala aakulu pomwe inzake yotuluka pambuyo pake ilibe. Munthu amalowa m'ngongole yosatha ndi wogulitsayo.

Zoopsa. Amene amasewera nyimbo yanu si anthu koma mapulogalamu a kompyuta ogwiritsa ntchito maakaunti abodza kapena obedwa, kapenanso mafoni ambirimbiri oikidwa m'chipinda chimodzi akuseweretsa nyimbo usana ndi usiku. Zimenezi zimasiya mapazi oonekera. Tiyerekeze kuti mwatsegula Spotify for Artists, pomwe woyimba amaona za omvera ake. Mzere wosonyeza masitirimu wakhala pansi kwa milungu ingapo, kenaka tsiku limodzi wakwera ngati khoma, n'kugwanso patapita masiku ochepa. Mzinda wotsogola si Lilongwe, Blantyre kapena Johannesburg komwe kuli Amalawi ambiri, koma mzinda umodzi wa ku Ulaya kapena ku America komwe simudziwa munthu aliyense, ndipo nyimboyo ndi ya Chichewa chokhachokha. Okutsatirani sanawonjezekere, amene asunga nyimboyo m'maakaunti awo palibe, ndipo pa Facebook palibe wafunsa kuti woyimba ameneyu ndani. Ngati inu mukutha kuona zimenezi pa foni yanu, makina a kampaniyo amaziona bwino koposa.

Malamulo a Spotify amaletsa kulipira munthu aliyense amene akulonjeza masitirimu. Ikapeza zachinyengo imachotsa masitirimuwo pa chiwerengero, imakana kulipira ndalama zake, ndipo imatha kuchotsa nyimboyo pa maplaylist, omwe ndi mindandanda ya nyimbo zosankhidwa yomwe anthu amamvera, kapena kuichotseratu. Kuyambira mu 2024 imalipiritsanso chindapusa makampani ogawa nyimbo, amene amaikira oyimba nyimbo zawo pa Spotify ndi pa mapulatifomu ena, monga DistroKid, TuneCore ndi CD Baby, pa nyimbo iliyonse yopezeka ndi chinyengo choonekeratu, ndipo makampaniwo amatha kukankhira chindapusacho kwa woyimba kapena kutseka akaunti yake. Akaunti ikatsekedwa, nyimbo zonse, ngakhale zimene simunazigulire kanthu, zikhoza kuchoka pa mapulatifomu onse nthawi imodzi. YouTube nayonso imafufuza ndi kuchotsa manambala abodza, ndipo imatha kutseka tchanelo.

Pali vuto lina limene silimveka kwambiri koma ndi loipa mofanana. Mapulatifomuwa amasankhira anthu nyimbo zatsopano poyang'ana zomwe omvera ofanana nawo amakonda. Nyimbo yanu ikaseweredwa ndi maakaunti abodza amene akuseweranso nyimbo za mitundu yosagwirizana zochokera kulikonse, makinawo amasokonezeka, osadziwanso kuti nyimboyi aipereke kwa ndani. Mmalawi wokhala ku Cape Town amene akanaipeza mu nyimbo zomwe amamusankhira saipezanso. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo tsamba la woyimba wogula manambala limakhala chomwecho.

Nkhaniyi si yaing'ono kunjaku. Bungwe la boma loona za nyimbo ku France, Centre national de la musique, linalengeza mu 2023 kuti pakati pa 1 ndi 3 peresenti ya masitirimu a m'dzikolo mu 2021 anapezeka kuti anali abodza. Mu 2024 khoti la ku Denmark linapeza munthu wina wolakwa pa mlandu wa chinyengo cha masitirimu, ndipo chaka chomwecho boma la America linatsegulira mlandu Michael Smith wa ku North Carolina pomuganizira kuti anapeza madola oposa 10 miliyoni mwa njira yomweyi. Woyimba wa ku Salima wogula masitirimu ochepa sali pa mlingo umenewo, koma ayenera kudziwa kuti popeza ndalama zimagawidwa kuchokera m'thumba limodzi, sitirimu yabodza iliyonse yomwe yalipiridwa yachotsa kanthu kwa woyimba mnzake amene anamvedwa ndi munthu weniweni.

Njira yachiwiri: kulipira kuti nyimbo ilowe pa playlist

Pano pali zinthu zitatu zosiyana zomwe anthu amazisakaniza, ndipo kusazisiyanitsa n'kumene kumagwetsa oyimba oona mtima m'dzenje lomwe lija.

Choyamba ndi munthu amene akuti ali ndi playlist ya omvera zikwizikwi, ndipo mukamulipira aikapo nyimbo yanu n'kukutsimikizirani masitirimu akuti. Uku ndi kugula masitirimu komwe kuja kovala malaya ena, chifukwa palibe munthu angatsimikize kuti anthu enieni amvera kangati. Chachiwiri ndi makampani monga SubmitHub ndi Groover, komwe mumalipira kuti wosankha nyimbo amvere nyimbo yanu ndi kukuyankhani, popanda lonjezo loti aitenga. Chachitatu ndi kutumiza nyimbo kwa akonzi a Spotify eniake, amene amasankha nyimbo za pa maplaylist a kampaniyo, kudzera pa Spotify for Artists.

Mtengo. Kutumiza kwa akonzi a Spotify ndi kwaulere, ndipo kampaniyo imanena poyera kuti malo pa maplaylist ake sagulitsidwa, choncho aliyense wonena kuti ali ndi mnzake mkatimo amene angakulowetseni mukalipira akukunamizani. Groover imalipiritsa pafupifupi mayuro awiri pa wosankha nyimbo mmodzi, ndalama yomwe imaoneka yochepa mpaka mutaichulukitsa ndi anthu makumi awiri n'kuisintha kukhala makwacha.

Kupezeka. Njira yaulere ija imafuna kuti nyimbo ikhale isanatuluke, ndipo muitumize masiku osachepera asanu ndi awiri tsiku lotulutsa lisanafike, ngakhale kuti milungu itatu kapena inayi ndi yabwino koposa. Woyimba amene wachoka ku situdiyo Lachisanu n'kufuna kuti nyimbo ikhale ili pa intaneti Loweruka wautaya mwayi umenewu. Makampani olipira aja amafuna khadi ya banki yotha kugula kunja, ndipo osankha nyimbo ambiri kumeneko ndi a ku Ulaya ndi ku America amene sadziwa manganje kapena kwaya ya Chichewa.

Kasamalidwe. Nyimbo iliyonse imafuna kutumizidwa payokha ndi mawu ofotokoza bwino mtundu wake, chilankhulo ndi komwe yachokera.

Zoopsa. Pa njira yaulere choopsa ndi kungokanidwa basi, ndipo ngakhale akonzi asaitenge, nyimbo yotumizidwa nthawi yabwino imafikabe kwa okutsatirani kudzera pa Release Radar, playlist ya nyimbo zatsopano imene Spotify imakonzera womvera aliyense. Pa maplaylist a anthu wamba choopsa ndi chachikulu, moti nthawi zina nyimbo imaikidwa pa playlist yachinyengo mwiniwake osadziwa, ogulitsawo akufuna kumukopa kuti adzalipire. Mukaona manambala akwera popanda chifukwa, dziwitsani msanga kampani yanu yogawa nyimbo ndipo musunge zithunzi za zomwe mwaona, chilango chisanabwere.

Njira yachitatu: kutsatsa kolipira pa Facebook, Instagram, TikTok ndi YouTube

Kusiyana kwa njira iyi ndi yoyamba ija n'kwakuti pano simukugula kumvedwa, mukugula mwayi woti munthu weniweni aone kachidutswa ka nyimbo yanu n'kusankha yekha ngati akufuna kumva yonse. Ndi yololedwa ndi malamulo a mapulatifomu onse.

Mtengo. Mumadziikira nokha malire a ndalama za pa tsiku, ndipo mutha kuyamba ndi madola ochepa kwambiri n'kuimitsa nthawi iliyonse. Komabe ndi madola, ndipo muyenera kuwerengeranso ndalama yojambulira kavidiyo kooneka bwino. Sikafunika kamera yodula. Masekondi makumi awiri a woyimba akuyimba kolasi pamchenga wa ku Senga Bay dzuwa likutuluka, mawu akumveka bwino, amagwira ntchito kuposa chithunzi chongoima chokhala ndi dzina la nyimbo.

Kupezeka. Vuto lili pa kalipiridwe. Pamafunika khadi ya Visa kapena Mastercard yololedwa kugula kunja, ndipo chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja mabanki amaika malire pa zogula zotere. N'chifukwa chake pabuka anthu amene amakulipirirani inu n'kuwabwezera m'makwacha pa mtengo wokwera.

Kasamalidwe. Njirayi imafuna kuphunzira ndi kuyang'anira. Kungodina batani lokweza positi osasankha anthu oti awone ndi kutaya ndalama m'madzi. Pa Facebook mutha kusankha dera, zaka za anthu ndi zomwe amakonda, moti woyimba amene ali ndi phwando ku Salima akhoza kuonetsa uthenga wake kwa anthu a m'bomali ndi a ku Lilongwe okha, pomwe wofuna masitirimu a pa Spotify angachite bwino kulunjika Amalawi a ku South Africa ndi ku United Kingdom, amene intaneti siwavuta. Tsiku lililonse muyenera kuona ngati anthu akudinadi ulalo, ndipo kavidiyo kamene sikakukoka anthu muzikasintha msanga.

Zoopsa. Mukhoza kulipira osapeza kanthu ngati nyimboyo siikugwira anthu, ndipo ngakhale zimenezi zimapweteka, ndi uthenga woona umene masitirimu ogula sangakupatseni. Choopsa china ndi kupereka ulamuliro wa tsamba lanu kwa munthu wokulipirirani uja, chifukwa akhoza kukuchotsani n'kutenga tsambalo ndi okutsatirani onse. Palinso chinthu chimene otsatsa sachitchula: munthu wa kuno amene ali ndi bandulo ya Facebook yokha sangathe kutsegula Spotify kapena YouTube ngakhale ataikonda nyimboyo, choncho ulalo umene mwaika uyenera kulingana ndi thumba la amene mukumufuna.

Njira yachinayi: wayilesi ndi COSOMA

Kuno kwathu wayilesi idakali ndi mphamvu imene achinyamata ena a m'tauni amaiderera. Imamveka m'golosale, m'minibasi za pa msewu wa M5, padoko asodzi akusoka maukonde, ndi m'midzi momwe netiweki imavuta.

Mtengo. Kupereka nyimbo ku wayilesi kuti aiike mu nkhokwe yawo sikuyenera kukhala kolipira. Cholipira ndi uthenga wamalonda kapena nthawi ya pulogalamu, ndipo zimenezi zimalipiridwa ku ofesi m'makwacha, n'kulandira risiti. Mawayilesi a m'madera amakhala otsika mtengo poyerekeza ndi omveka dziko lonse monga MBC, Zodiak ndi Times.

Kupezeka. Chisomo Community Radio ku Salima ndi Nkhotakota Community Radio kwa anansi athu kumpotoku ndi malo omwe woyimba atha kufikako yekha ndi nyimbo yake pa fulashi, n'kucheza ndi woulutsa mawu pamaso. Mawayilesi akuluakulu amafuna ulendo wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100, kapena munthu wodziwika kumeneko. Ulendo womwewo ungagwiritsidwe ntchito polembetsa ku Copyright Society of Malawi (COSOMA), bungwe lomwe lakhala likugwira ntchito kuyambira mu 1992 ndipo limatolera ndalama kwa mawayilesi ndi ena ogwiritsa ntchito nyimbo n'kugawira eni ake. Nyimbo yosalembetsedwa kumeneko ikhoza kuseweredwa chaka chonse mwiniwake osalandira kanthu.

Kasamalidwe. Pamafunika ubale. Muyenera kupereka nyimbo yomveka bwino yokhala ndi dzina lanu ndi mutu wake molondola, kuvomera kukacheza pa pulogalamu, kulimbikitsa okukondani kuti aziipempha, ndi kulembetsa nyimbo yatsopano iliyonse ku COSOMA.

Zoopsa. Oyimba ambiri amadandaula za chizolowezi chopereka kangachepe m'manja mwa woulutsa mawu kuti nyimbo iseweredwe. Zimenezi zili ndi matenda ofanana ndi kugula masitirimu, chifukwa nyimbo imaleka kumveka tsiku lomwe kangachepeko kaleka, ndipo mulibe pepala lililonse lodandaulira. Komanso wayilesi siikupatsani chiwerengero choti muonetse wokonza phwando, ndipo ndalama za COSOMA sizibwera mwezi ndi mwezi, choncho si zoti muziwerengere pa lendi.

Njira yachisanu: kufalitsa pamanja ndi kuyimba pamaso pa anthu

Iyi ndi njira imene sioneka pa tsamba lililonse la intaneti, koma ndi imene nyimbo zambiri zotchuka m'madera athu zimadutsamo. Pa Kamuzu Road, monganso m'misika ya ku Chipoka ndi ku Dwangwa, mumapeza kashopu kokhala ndi kompyuta imodzi ndi sipika panja, komwe munthu amabwera ndi memori khadi n'kunena kuti amuikire nyimbo zatsopano. Sasankha imodzi imodzi. Mnyamata wa pakompyutayo ndi amene amasankha. Nyimbo imene iye waikonda imalowa m'makhadi ambiri pa tsiku, ndipo madzulo ake ikumveka pa njinga zamoto za kabaza, m'malo ometera ndi m'mashabini. DJ wa pa ukwati kapena pa chinkhoswe ali ndi mphamvu yofanana: akaika nyimbo yanu nthawi ya perekaniperekani amayi n'kudzuka ndi timapepala ta ndalama m'manja, mwaona ndi maso anu kuti nyimboyo ili ndi moyo.

Mtengo. Ndi wa thiransipoti, bandulo, ndi nthawi yanu, zonse m'makwacha. Kuika nyimbo pa Audiomack ndi kwaulere, ndipo Boomplay imabwera kale m'mafoni ambiri a Tecno, Itel ndi Infinix omwe ali m'matumba a anthu kuno. Masamba a kwathu monga Malawi-Music.com ndi Mikozi amafikiranso Amalawi ambiri, ndipo mitengo yawo ndi yofunsa kwa eni ake.

Kupezeka. Aliyense angayambe lero, ngakhale alibe akaunti ya ku banki.

Kasamalidwe. Ndi njira yotopetsa kuposa zonse. Fayilo yotumiza pa WhatsApp iyenera kukhala yaing'ono kuti isadye bandulo ya anthu, ndipo dzina lanu likhale lolembedwa pa fayiloyo komanso litchulidwe m'nyimbo momwemo, chifukwa ikadutsa m'mafoni khumi dzina la fayilo limasintha. Muyenera kuvomera kuyimba m'malo ang'onoang'ono, kusukulu, kutchalitchi, pa masewero a mpira, ndi kusunga manambala a foni a anthu amene akufunsa za inu, chifukwa amenewo ndiwo adzagule matikiti. Salima ili ndi mwayi woti maphwando akuluakulu amabwera pakhomo: Sand Music Festival yachitikapo kangapo ku Senga Bay, ndipo Lake of Stars inachitikira ku Nkhotakota mu 2024. Woyimba wa kuno amene angaonetse kavidiyo ka gulu la anthu likuyimba naye kolasi ali ndi umboni wolemera kuposa nambala ya pa Spotify.

Zoopsa. Nyimbo yofalitsidwa chonchi siibweretsa ndalama mwachindunji, ndipo okopera nyimbo amapindula ndi ntchito yanu inu osalandira kanthu, chimene ndi kuphwanya ufulu wa mwini nyimbo ngati sanavomereze. Muyenera kusankha mwadala kuti nyimbo iyi ndikuipereka kuti idziwike, podziwa kuti phindu lidzabwera kudzera m'maphwando. Oitana ena amalonjeza malipiro n'kuzemba phwando likatha, choncho gwirizanani za ndalama ndi kulandirako gawo lina musanakwere pa siteji.

Njira iti kwa ndani

Ngati mukutulutsa nyimbo yoyamba kapena yachiwiri ndipo ndalama zanu ndi zochepa, musathamangire Spotify. Ikani nyimbo pa Audiomack ndi pa YouTube, ifalitseni pa WhatsApp ndi kwa ma DJ, ipititseni ku wayilesi ya m'dera lanu, ndipo ndalama yomwe mukanapatsa wogulitsa masitirimu muigwiritse ntchito polembetsa ku COSOMA ndi pojambula kavidiyo kamodzi kabwino.

Ngati nyimbo yayamba kale kumveka m'maukwati ndi pa kabaza, ndipo anthu a ku Lilongwe kapena ku South Africa akufunsa komwe angaipeze, nthawi yolipira kampani yogawa nyimbo yakwana. Musanasankhe kampaniyo fufuzani ngati imalipiritsa chaka ndi chaka, monga DistroKid, kapena kamodzi pa nyimbo n'kumadulako gawo la malipiro, monga CD Baby, ndiponso njira imene idzakutumizireni ndalama zanu kuno ku Malawi. Nyimbo yotsatira muitumize kwa akonzi a Spotify nthawi ikadalipo, ndipo muike madola ochepa pa kutsatsa kolunjika Amalawi okhala kunja.

Kwaya ya mpingo kapena gulu la kaswida silifunika kudera nkhawa ndi manambala a pa Spotify n'komwe, chifukwa omvera ake ali kale m'mipingo, m'mizikiti ndi pa mawayilesi achipembedzo, ndipo vidiyo ya pa YouTube ndi pa Facebook yofalitsidwa ndi mamembala eniake imafika patali. Woyimba wa nyimbo zosakaniza zamakolo, monga za malipenga kapena chioda, ndi zida zamakono, amene akufuna maphwando akunja, ndi yekhayo amene ndingamulangize kuyesa Groover kapena SubmitHub, ndipo asankhe mosamala osankha nyimbo amene amakondadi nyimbo za mu Africa.

Amene akufuna manambala chifukwa wokonza phwando kapena kampani yawafunsa, apereke zomwe zili zoona: zithunzi za Spotify for Artists kapena Audiomack zosonyeza mizinda ya omvera, mavidiyo a maphwando omwe anayimbapo, ndi mayina a mawayilesi omwe akusewera nyimbo zake. Kugula masitirimu sindikupezera munthu aliyense woyenera pa magulu onsewa. Amene anagula kale aleke lero, asagulenso kuti abise kugwa kwa manambala, achotse munthu aliyense wachilendo amene anamupatsa ulamuliro pa maakaunti ake n'kusintha mapasiwedi, ndipo ngati kampani yake yogawa nyimbo yamulembera chenjezo aiyankhe mwachangu ndi kufotokoza zomwe zinachitika, chifukwa chenjezo lachiwiri likhoza kutsekitsa akaunti yonse.